Mwagwira, Yendetsani

Bambo Gregory Mwenifumbo, mphunzitsi wa ku Lupembe, anasewera chesi zaka khumi ndi ziwiri osapata kanthu. Pa mpikisano uliwonse wa pa boma la Karonga, Bambo Abubakar Lawi, a sitolo ochokera ku Mangochi, ankawapanikiza poyambirira penipeni n'kutenga mphotho. Bambo Gregory ankabwerera kwawo ndi nsapato zobooka, nsanje ikuwadya.

M'malo mokhala pansi n'kuphunzira mayambidwe a masewero, anapita kwa sing'anga wina kufupi ndi Songwe.

"Karibu, mwalimu," anatero sing'angayo m'Chiswahili, akuwatema mphini m'zala. "Mudzapambana. Koma masewero alionse muziyamba ndi kupereka dala msilikali, kamtengo kakang'ono kaja ka pa bolodi. Chimene mdani wanu wadya pa bolodi, inenso ndidya chofanana nacho kwanu."

"Msilikali ndiye nkhuku basi?"

"Msilikali ndi nkhuku. Zinazo mudzaziona. Ndipo musadzadzuke masewero asanathe. Mukadzuka, nzeru zanu zidzatsala pampandopo."

Anayamba kupambana, ku Karonga, ku Mzuzu, mpaka ku Lilongwe. Anamanga nyumba ya malata. Nkhuku zinatha m'khola. Tsiku lomwe anadyetsa hatchi ya pa bolodi ku Mzuzu, ng'ombe yawo yokoka ngolo inagwa m'munda wa mpunga. Akazi awo, Mayi Dora, akafunsa, ankangowakalipira.

Pa masewero otsiriza a chaka chatha anakumananso ndi Bambo Abubakar. Atangoyenda kasanu ndi kawiri, Bambo Gregory anagwira mfumukazi ya pa bolodi mosaganiza. Paliponse pomwe akanaiika, ikanadyedwa.

"Ndimangoikonza, madamu," anauza woweruza, Mayi Ireen Kayange.

"Simunanene kuti mukukonza. Mwagwira, yendetsani."

"Yendetsani, achimwene," Bambo Abubakar anaseka. "N'kamtengo chabe, mukuchita ngati mwaferedwa bwanji?"

Bambo Gregory anayang'ana wotchi, thukuta lili kamukamu, nakumbukira Mayi Dora, mfumukazi ya kunyumba kwawo. Kenaka anaika mfumukazi ija m'thumba la malaya n'kudzuka. Asanafike pakhomo anali atayamba kale kuseka okha. Lero amazungulira pa depoti, akuponda kawiri kutsogolo, kamodzi kumbali, monga imayendera hatchi pa bolodi.

Chuma chamankhwala sichibwera chokha. Mwini wake amadzatenga cha pamtima. Munthu azidya thukuta lake, ngakhale litachedwa kubala.

Komiti ya mpikisano inagamula kuti Bambo Abubakar apambana, ndipo Bambo Gregory asadzakhalenso pa bolodi. Mayi Dora anabweza mfumukazi ija, navomera chigamulocho, nasainira m'malo mwa amuna awo.