Mendulo ya Odzipereka

Dzuwa linali litangolowa kuseri kwa laibulale pamene Mayi Makiyi anayamba kutseka mawindo a nyumba ya bungwe la ophunzira akale. Imeneyi inali ntchito yawo ya madzulo alionse chipumireni pa uphunzitsi. Nyumbayo inali kumapeto kwa yunivesite, kumene msewu wa phula umathera. Inali ndi holo, kakhitchini, kaofesi ka komiti, ndi kolido yaitali yodzaza zithunzi za anthu amene bungwe linawalemekeza. Dzina loti Makiyi anawapatsa ndi ophunzira, chifukwa mtolo wa makiyi m'chikwama chawo unkamveka eni ake asanatulukire.

Tsiku limenelo kunali msonkhano, ndipo holo inatsala ili mbwee. Mipando inali balala, makapu a tiyi pawindo, matope a nsapato ponseponse. Msana unkawapweteka, choncho anati akolopa mawa. Anazimitsa magetsi, nakhoma chitseko, nachikankha ndi phewa kuti atsimikize.

M'mawa mwake anapeza pansi pakuwala. Mipando inali m'mizere yowongoka, makapu otsukidwa atavundikiridwa pa thebulo. Loko anali wokhoma monga anamusiyira. M'holomo munkanunkhira sopo, koma pansi pa sopoyo panali fungo lina, la dothi lonyowa longokumbidwa kumene.

Anakapeza mlonda akupinda jekete lake pageti.

"Munalowa m'holo inu?"

"Ndilowera pati, mayi? Makiyi ali ndi inu."

"Nanga munamva chiyani?"

Mlondayo anayang'ana pansi. "Zomwe zija. Mipando kukhwekhwerezedwa. Madzi kuthiridwa m'ndowa. Wina amatsokomola."

"Simunasuzumire?"

"Ndili ndi ana aang'ono ine."

Zimenezi zinayamba bungwe litangoyambitsa mwambo wopereka mendulo kwa munthu wodzipereka kwambiri pa chaka. Maganizowo anali a Wapampando, dokotala wa mano wopuma pa ntchito, bambo wa mawu aakulu wokonda masuti oyera. Aliyense anasangalala nazo. Anthu ankagwira ntchito za bungwe mwaulere kumapeto kwa sabata, ena kusiya ana akudwala kunyumba, ndipo kunali koyenera kuti wina aziwathokoza pagulu.

Woyamba kuvala mendulo anali namwino wina amene ankasonkhanitsa ophunzira kuti azipereka magazi. Pasanathe mwezi anayamba kuwodzera ali chiimire m'wodi. Ankadzuka m'mawa mawondo atada bii, m'manja muli matuza, pomwe mwamuna wake ankalumbira kuti mkaziyo sanatsike pabedi. Madokotala anzake anamuyeza chilichonse osapeza kanthu. Anangoonda n'kutha ngati kandulo. Chimuikireni m'manda, pansi pa holo pankapezeka powala m'mawa uliwonse.

Chaka chotsatira mendulo inapita kwa injiniya wa madzi amene anakonza mipope ya kumahositelo a atsikana osalandira kanthu. Uyu ankaseka nkhani ya namwino, ankati anthu ophunzira sayenera kulankhula ngati ali pachitsime. Naye anayamba kugona pa chiwongolero. Maliro ake atangotha, mpope wa m'khitchini umene unkadontha kuyambira kalekale unasiya wokha. Wachitatu anali mtsogoleri wa ophunzira, mnyamata wolankhula bwino amene anzake ankamutcha Loya. Mayi ake anabwera kudzatenga katundu wake kuhositelo, ndipo anapeza udzu wauwisi m'mabulangete. Kapinga wa kutsogolo kwa nyumba ya bungwe sanatalikenso.

Pamenepo manong'onong'o anakula. Mapulofesa amene masana ankaphunzitsa sayansi ankatsitsa mawu akafika pa nkhaniyi. Ena ankatchula ndondocha, anthu ophedwa m'matsenga kuti azigwirira ntchito mbuye wawo. Koma mbuyeyo anali ndani? Ena ankaloza Wapampando, poti ndiye ankaveka mendulo ndi manja ake, ndiponso ankakonda kudzitama kwa alendo kuti nyumba ya bungwe imawala popanda wantchito ndi mmodzi yemwe. Ena ankaloza Mayi Makiyi. Mayi wopanda mwamuna, wopanda mwana, woyamba kufika ndi womaliza kuchoka, amene watumikira bungwe kuposa aliyense koma sanavekedwepo kanthu. Sangakhale ndi kanthu mumtima? Mayi Makiyi anaona kuti tiyi amene ankathira pa misonkhano ankazizira m'makapu osamwedwa.

Mwambowo sunathetsedwe. Kuuthetsa kukanakhala kuvomereza poyera kuti anthu a madigiri akuopa ufiti, ndipo palibe ankafuna kukhala woyamba kunena zimenezo.

Komiti inakumana madzulo ena kusankha wa chaka chimenecho. Munali Wapampando, Mayi Makiyi, mamembala ena angapo, ndi Mlembi, bambo wofatsa wa ku banki amene ankamwetulira aliyense ndipo sankakangana ndi munthu. Anakambirana zambiri, za penti, za alendo, za woyendetsa mwambo. Mayi Makiyi anangotulukako pang'ono kukazimitsa ketulo. Pobwerera anapeza onse akugwedeza mitu.

"Tagwirizana," anatero Wapampando. "Ndi Chiphaliwali."

Mayi Makiyi anaima pakhomo pomwepo. Chiphaliwali anali mwana wa mchimwene wawo womwalira, amene anamulera okha kuyambira ali wamng'ono. Tsopano anali mtsogoleri wa ophunzira, mtsikana wosatha kukhala pansi, amene anayambitsa zophunzitsa ana a m'makwalala Loweruka lililonse.

"Wamutchula ndani?" anafunsa Mayi Makiyi.

Anthu anayang'anana. Wina anati ndi Wapampando. Wapampando anati ayi, iye wangovomereza. Mlembi anati iye amamanga nsapato, sanamve bwino. Palibe amene anakumbukira pakamwa pamene dzinalo linatulukira.

Mawa lake anapita kuhositelo. Anapeza mtsikanayo atakhala pabedi pakati pa mabuku, akusita bulauzi pa thaulo. Nkhani inali itamufika kale, nkhope ili ngwee.

"Ukakane," anatero azakhali akewo asanakhale n'komwe.

"Ndikane chiyani?"

"Mendulo imeneyo. Unene kuti uli ndi mayeso. Unene chilichonse."

"Azakhali, pa mwambo umenewu pamabwera mabwana onse olemba ntchito. Mukufuna ndikamaliza sukulu ndizikakusenderani mbatata kunyumba?"

"Loya unkamudziwa."

"Loya ankadwala, osauza anthu."

"Nanga namwino? Nanga injiniya?"

Chiphaliwali anaimika simbi. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo mawu ake anatsika. "Mukudziwa zimene anthu akunena za inu? Ine ndimakumenyerani nkhondo tsiku ndi tsiku. Lero mukubwera kudzandiletsa chinthu chimene inuyo simunachilandirepo. Ndiganize chiyani?"

Mayi Makiyi anatola chikwama chawo. Potsika masitepe anagwira makiyi ndi dzanja kuti asalire.

Masiku otsalawo anawathera poyang'anitsitsa Wapampando. Anaona mmene ankasisitira kabokosi ka mendulo akamalankhula. Anaona kuti pa msinkhu wake analibe ndodo, analibe chifuwa, masaya ali see ngati mnyamata. Madzulo ena anamupeza yekha m'kolido, ataima pa chithunzi cha Loya, milomo ikugwedera ngati akulankhula nacho. Atawaona anapukuta m'maso mwachangu n'kunena kuti ndi fumbi. Mumtima mwawo mlandu unatha pomwepo. Anaganiza kuti ngati matsengawo ali m'mendulo, abwerere kwa mwini wake.

Tsiku la mwambo holo inadzaza. Kunali nsalu zoyera pa matebulo, maluwa, kwaya ya ophunzira. Woyendetsa mwambo anaseketsa anthu ponena kuti ophunzira akale amadziwika ndi zinthu ziwiri, mimba ndi kuiwala zimene anaphunzira. Anthu anaseka, koma maso awo ankabwerera pa kabokosi kamene kanali pa thebulo la kutsogolo. Kenako Wapampando anaimirira, nafotokoza ntchito za Chiphaliwali, namuitana. Mtsikanayo anakwera pa nsanja ndi bulauzi yake yosita bwino, naweramitsa mutu.

Mayi Makiyi, amene anali pambali ndi thireyi ya makapu, anaika thireyiyo pansi. Anakwera masitepe, nalanda mendulo m'manja mwa Wapampando isanafike pa tsitsi la mtsikanayo.

"Mundikhululukire," anatero. "Mwanayu akadali ndi zaka zambiri kutsogolo. Koma pali munthu muno amene amathokoza anzake chaka ndi chaka, iye osathokozedwapo. Lero avale ndi iyeyo."

Anakoleka chingwe chofiira m'khosi mwa Wapampando, maso awo ali pa nkhope yake. Ankadikira kuti adzidzimuke, akane, achivule n'kuchitaya kutali.

Bamboyo anagwira menduloyo ndi manja awiri. Misozi inatsika mpaka pa kolala ya suti. "Mayi," anatero, "sindinkadziwa kuti pali amene amaona." Anawakumbatira pamaso pa anthu onse. Wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, ena anatsatira mokayika. Chiphaliwali anatsika pa nsanja osayang'ana munthu, natulukira chitseko cha m'mbali.

Ali m'manja mwa bamboyo, Mayi Makiyi anazindikira kuti analakwitsa. Munthu wodziwa chimene chili m'mendulo sakanalira choncho.

Wapampando anayamba ndi kuwodzera pa misonkhano. Kenako masuti oyera aja anayamba kumukulira. Mkazi wake anauza anthu kuti amapeza penti m'zikhadabo za mwamuna wake m'mawa uliwonse, ndipo m'masiku omwewo khoma la kuseri kwa nyumba ya bungwe linayamba kuyera chigawo ndi chigawo. Mayi Makiyi anapita kukamuona masana ena. Mkaziyo anawatsekulira chitseko osawapatsa moni, naimirira pakhomo la chipinda manja ali pachifuwa.

Wodwalayo anali ngati mtolo wa nkhuni pansi pa bulangete. Anawakodola kuti ayandikire.

"Ndimawaona," ananong'ona. "Namwino, injiniya, mwana uja. Salankhula. Amangogwira."

"Amakuitanani ndani?"

"Amaima kumbuyo. Salola kuti titembenuke."

"Mawu ake simukuwadziwa?"

"Ndimawadziwa bwino. Koma ndikadzuka amandithawa." Anapuma movutikira. "Si inu, eti mayi?"

"Si ine."

"Ndinkaganiza kuti ndinu. Nthawi yonseyi ndinkakuopani."

Mayi Makiyi anafuna kumuuza kuti nawonso ankamuganizira chimodzimodzi, ndiponso chifukwa chimene anamuvekera mendulo, koma anangomukonzera bulangete n'kutuluka. Bamboyo anamwalira sabata yomweyo.

Pa maliro palibe anakhala nawo benchi limodzi. Anthu onse anali ataona ndi maso awo dzanja limene linakoleka chingwe, ndiponso khosi limene dzanjalo linapulumutsa. Nkhani inamveka bwino kwa aliyense: mfiti yaphonyetsa mwana wake n'kupereka mkulu wa bungwe m'malo mwake. Mkazi wa malemu anawalavulira pa nsapato potuluka m'tchalitchi. Chiphaliwali anali kutsidya ndi ophunzira anzake. Anayang'ana azakhali ake kamodzi, ndipo m'maso mwake munali mantha amene Mayi Makiyi anali asanawaonepo chimulerereni.

Komiti inagamula Mayi Makiyi kulibe. Madzulo a tsiku lotsatira anapeza mamembala atayima pakhonde la nyumba ya bungwe ngati mpanda. Palibe anawatukwana, palibenso anawafunsa kanthu. Wina anangoti bungwe likuwathokoza pa ntchito yawo ndipo tsopano akapume. Palibe amene ankafuna kukhudza makiyiwo, mpaka Mlembi anatsika masitepe n'kutambasula dzanja.

Anawaperekeza mpaka pageti, akuyenda pang'onopang'ono kuti asawasiye m'mbuyo. Anawanyamuliranso ambulera ndi kapu yawo ya tiyi.

"Musadandaule nazo, mayi," anatero mofatsa. "Anthu akakhala ndi chisoni amafuna wina woti amuloze. Zidzaiwalika."

"Mwambowo muuthetsa?"

"Komiti ikuti upitirire, pokumbukira malemu." Anawapatsira ambulera. "Ndipo za mwana uja musade nkhawa. Analandidwa ulemu wake pagulu, zinatikhudza tonse. Ndi wolimbikira ntchito kwambiri ameneyu. Sitinamuiwale."

Mayi Makiyi anamuyang'ana nkhope. Anafunafuna kanthu m'maso mwake, pamilomo, pa mmene anaimira. Anangopeza bambo wa ku banki wotopa ndi ntchito, amene ankawamvera chisoni. Mwina ankangowatonthoza. Pakhonde paja mamembala ena onse anali chiimire, akuwayang'ana, ndipo aliyense wa iwo akanatha kunena mawu omwewo.

Sanakhotere kunyumba. Analunjika kuhositelo, nakwera masitepe akupumira m'mwamba, nagogoda pa chitseko cha mwana wa mchimwene wawo. M'kati munamveka mpando ukusuntha, kenako phazi kuyandikira.

"Ndani?"

"Ndine, mwanawe. Tsekula tilankhulane."

Kenako anamva kiyi akutembenuzidwa m'kati, kukhoma chitseko chimene chinali chosakhoma.