Nsofwa Akhala Pansi

Nsofwa anali monita wa Giredi 3, ku Kabwata.
Anali ndi vuto limodzi, vuto la madesiki.
Ana anali ambiri. Madesiki anali ochepa.
Ena ankakhala pa desiki. Ena ankakhala pansi.
Wosankha anali Nsofwa. Aphunzitsi anampatsa ntchito imeneyi.

Tsono mverani izi, koma musakauze munthu.
Nsofwa anali ndi mnzake, dzina lake Exildah.
Exildah ankabwera ndi zitumbuwa ziwiri.
Chimodzi chake, china cha Nsofwa.
Ndiye Exildah ankakhala pa desiki tsiku ndi tsiku.
Ana onse ankadziwa. Ankangonong'onezana.

Mvula inayamba. Denga linkadontha.
Pansi panali ponyowa. Pansi, pa simenti, panali pozizira.
Laila ankakhala pansi, pafupi ndi chitseko.
Laila analibe chitumbuwa chopatsa munthu.
Bambo ake anali atachotsedwa ntchito ku fakitale.

Lolemba Laila anatsokomola.
Lachiwiri anatsokomolanso.
Lachitatu sanabwere.
Lachinayi sanabwerenso.

Poweruka, Nsofwa anadzera kwa Laila.
Anapeza amayi a Laila akuchapa.
"Ba anti, Laila azabwela liti?" anafunsa Nsofwa.
"Sazabwelanso, mwana wanga," anatero amayiwo. "Simenti ija yamudwalitsa. Sukulu basi."
Laila anasuzumira pa zenera.
Anali atakumbatira kope lake.


Nsofwa anayenda pang'onopang'ono.
M'thumba munali chitumbuwa. Sanachidye.
Mtima unkamuwawa.

Lachisanu m'mawa, Nsofwa anaima kutsogolo.
Anayang'ana ana onse.
"Kuyambila lelo tizachinjana pa madesiki," anatero. "Lelo aba, mailo aba. Odwala sazankala pansi."
Exildah anakwiya.
"Iwe Nsofwa, vitumbuwa vanga sunadye?"
"Ninadya. Ninalakwa."
"Nanga imwe ba monita muzankala kuti?"
"Pansi. Mpaka mvula ikasile."

Nsofwa anapita pa malo a Laila.
Anakhala pansi, pafupi ndi chitseko.
Madzi anadontha pamutu, tho, tho, tho.
Yunifomu inanyowa. Kope linanyowa.
Mnyamata wina, Mpundu, anaseka.
"Onani ba monita, monga nkuku ya mumvula."
Nsofwa anapitiriza kulemba.
Aphunzitsi anamuyang'ana nthawi yaitali.
Kenaka anagwedeza mutu, kuvomereza.
Exildah sanamulankhule Nsofwa tsiku lonse.

Poweruka, Nsofwa anadzeranso kwa Laila.
"Ba anti, Laila azankala pa desiki mpaka apole."
"Anena ndani?"
"Ine. Ndine monita."
Amayiwo anagwira yunifomu ya Nsofwa. Inali chinyowere.
"Nanga iwe wankala pati?"
"Pa malo ya Laila."
Amayiwo anamukokera pafupi.
Kenaka anamufunditsa chitenje chawo.
"Ngena, umwe tiyi na munzako. Pa Mande azabwela."

Lolemba Laila anabwera.
Anakhala pa desiki. Anatsegula kope lake.
Nsofwa anakhala pansi, pafupi ndi chitseko.
Linali tsiku la Exildah lokhala pansi.
Exildah anafika ali ndwii.
M'manja anali ndi saka ya ufa yopanda kanthu.
Anaiyala pa simenti. Anakhalapo.
Sanayang'ane Nsofwa.
Kenaka anasendera pang'ono.

"Bwela, iwe," anatero. "Saka iyi ikwana babili."