Chiweto cha ba Katongo

Ndaona, mayi wogulitsa madzi pampopi wa m'komboni ya George, ndiye anayamba kuwaona mapaziwo. M'matope a kuseri kwa mpopi munali zala zitatu ngati za nkhuku, koma pambali pake panali mzere wautali wokhwekhwerezeka, ngati podutsa njoka. Anafufuta ndi phazi, osauza munthu.

Usiku umenewo mwana wake Luyando anatentha thupi. Magetsi anali atazima, komboni yonse ili bii, ndipo akumupukuta mwanayo ndi kansalu konyowa, Ndaona anamva kulira kuseri kwa mpanda. Kunayamba ngati tambala, kenaka kunathyoka pakati n'kuthera m'chifuwa, ngati nkhalamba ikutsokomola. Agalu onse anangoti zii.

Kutacha, pamzere wa zigubu nkhani inali imodzi.

"Ni ilomba," ananong'ona ba Chilufya, mayi woyandikana nyumba ndi Ndaona. "Thupi ni njoka, mutu ni wa mwine wake. Imadya bana."

"Mwine wake nindani?" anafunsa Ndaona.

Ba Chilufya analoza ndi mlomo kunyumba ya ba Katongo, bambo wofedwa mkazi, wokhala yekha, amene khola lake linkakhala chikhomere usana wonse.

Ndaona anapita ndi mwana kuchipatala, anampatsa mankhwala a malungo. Koma kulira kuja kunabweranso, usiku wachiwiri ndi wachitatu, ndipo Luyando anasiya ngakhale kumwa phala. Ndaona sanagone. Ankangoyendayenda m'chipinda, khutu lili kukhoma.

Tsiku lachinayi dzuwa likulowa, anthu anaunjikana kwa ba Katongo ndi miyala. Ndaona nayenso anatola wake.

Mkuluyo sanakangane nawo. Anatsekula khola, ndipo chinatuluka. Mutu unali wosamera nthenga, thupi la nkhuku koma la mawanga a nkhanga, mwendo umodzi wopuwala ukukhwekhwerezeka pansi. Chinatukula khosi n'kulira kulira komwe kuja.

"Tambala wanga anakwela nkhanga," anatero ba Katongo. "Ndiye mwana wake uyu. Nkhuku zimamujompha, ndiye nimamutulutsa usiku. Alibe mtundu, alibe munzake."

Dixon, dalaivala wa minibasi amene anakulira pafamu ku Chisamba, anaseka. "Ivi vimachitika! Ninaonapo cimodzi. Sivibala nabana."

Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi. Ena anatembenuka mwamanyazi. Koma cholengedwacho chinadumphira kwa Ndaona, chinapendeka mutu n'kumuyang'ana ndi diso limodzi, nthawi yaitali. Dzanja la Ndaona linaponya lokha. Mwala unafikira pakhosi, mbalame ija inaphiriphitha kawiri, basi.

Ba Katongo anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira khosi lawo.

"Mwafulumiza, amai," anatero motsitsa. Analowa m'nyumba n'kutseka.

M'mawa Luyando anadzuka thupi litazizira, n'kupempha tiyi ndi buledi. Ndaona akuthira shuga, anamva maliro akuyambika kutsidya kwa ngalande. Anthu anawapeza ba Katongo pampando, atauma, mutu utagwera kumbali.

Achipatala anati ndi mtima. Ba Chilufya anabwera kudzamukumbatira Ndaona, akuti wapulumutsa komboni yonse.  Ndaona anapita kumpopi, anatsekula madzi, n'kuyamba kusamba m'manja. Mzere wa zigubu unatalika mpaka kumsewu, iye akusambabe.