Sibongile ndi Mwala Wogogoda

Sibongile ankaopa mdima. Ankauopa kwambiri. Koma ankafunitsitsa kuona phanga la kumapiri oyera.

Loweruka lina bambo ake anati, "Sibo, vala nsapato. Lero tikagona kutchire."

Amalume ake, a Cyprian, anapita nawo. Ananyamula lona loyanikira chimanga. Ananyamulanso mbatata ya kachewere ndi tochi.

Anayenda, nayenda, nayenda. Anatsika phiri. Anawoloka kamtsinje. Kutsidyako miyala inali yoyera ngati ufa.

"Iyi ndi miyala ya laimu," anatero bambo.

Amalume anamangirira lona ku mitengo. "Nyumba yathu ndi imeneyi," iwo anatero. "Ine ndiwotcha mbatata. Phangalo mukaone nokha, alamu. Ine m'nyumba ya mileme sindilowa."

Bambo anaseka. "Ndevu zonsezi, kuopa mileme?"

Dzuwa linali pamutu. Koma m'phanga munali mdima. Bambo anayatsa nyali ya pafoni, nalowa. Sibongile anagwira malaya awo.

M'phanga munkazizira. Madzi ankadontha, tho! tho! Miyala inalendewera kudenga ngati mano a chilombo. Sibongile anagwiritsitsa malaya a bambo.

Patsogolo njira inagawikana pawiri. Bambo anasankha imodzi. Analowa mkati, mkati.

Mwadzidzidzi bambo anaterereka. Khu! Foni inagwera m'madzi. Mdima bii!

"Ababa! Ababa!"

"Ndili pano, mwanawe."

"Dzukani, tizipita!"

"Ndabinya phazi, Sibo. Sindingathe kuima."

Onse awiri anaitana amalume. Anaitananso. Palibe anayankha. Amalume anali kutali.

Sibongile anayamba kulira.

"Sibo, mvera," anatero bambo. "Ukaitane amalume ako."

"Ndekha? Mumdima? Ayi, ababa. Ndikuopa."

"Inenso ndikuopa pang'ono," anatero bambo.

Kenako Sibongile anamva kaphokoso. Kho! Kho!

"Ndi chiyani chimenecho?"

"Ndi ine. Ndikugogoda ndi mwala. Agogo ako ankagwira ntchito mumgodi ku Joni. Kukada, ankagogoda chonchi. Mnzawo akamva, ankadziwa kuti sali yekha. Kho! Kho! Ndiye kuti, ndili pano."

Bambo anaika dzanja la Sibongile pakhoma la phanga. Khomalo linali lozizira.

"Usasiye khoma ili. Likufikitsa kunja. Uziyenda pang'onopang'ono. Ine ndizigogoda."

Sibongile anaponda kamodzi. Kho! Kho!

Anapondanso. Kho! Kho!

Chinthu china chinamudutsa pakhutu, phapha! Unali mleme. Sibongile anakuwa. Koma khoma sanalisiye.

Kho! Kho!

Anayenda. Kugogoda kunayamba kumveka patali. Kenako kunangoti zii.

Sibongile anaima. Anamvetsera. Tho! Tho! Anali madzi okha.

"Ababa?"

Zii.

Kodi bambo agona? Kodi akomoka? Misozi inatsika. Sibongile anagwada. Anapapasa pansi. Anapeza kamwala. Anagogoda pakhoma. Kho! Kho!

Anadikira.

Patali, patali, kunamveka, kho! kho!

Sibongile anaimirira. Anapukuta misozi. Anayendanso. Kamphepo kanamuwomba kumaso. Patsogolo panaoneka kadontho koyera. Kadonthoko kanakula, kanakula. Kunali kunja!

"Amalume! Amalume! Ababa avulala!"

Amalume anataya mbatata. Anatenga tochi. Pakhomo pa phanga anaima.

"Mileme ija ilimo?" anafunsa.

"Ilimo. Gwirani dzanja langa, amalume."

Analowa. Anafika pamene njira inagawikana pawiri.

"Iii! Tilowere kuti, mphwanga?" anafunsa amalume.

Sibongile sanakumbukire. Njira zonse zinali zakuda. Njira zonse zinali zofanana.

"Khalani chete, amalume."

Anagogoda ndi kamwala kake. Kho! Kho!

Kumanzere kunamveka, kho! kho!

"Uku!"

Anawapeza bambo atakhala pansi, mwala uli m'manja. Amalume anawabereka kumsana.

"Alamu, mukulemera ngati thumba la kabichi la pa Lizulu!" anatero amalume. Bambo anaseka, ngakhale phazi linkapweteka.

Pansi pa lona, amalume anamanga phazi la bambo ndi nsalu yonyowa. "Mawa ndikabwereka njinga kumudzi uko," iwo anatero. "Tikakuonetsani kuchipatala."

Mbatata inali itapserera. Onse anadya yopserera yomweyo. Inakoma!

Sibongile anayang'ana dzanja lake. Linali loyera mbee ndi fumbi la khoma.

"Unasiya kuopa?" anafunsa bambo.

"Ayi. Ndinkaopabe."

"Nanga unayenda bwanji?"

"Ndinkakumvani, ababa."

Dzuwa linayamba kulowa. Sibongile anakhala pakati pa bambo ndi amalume. Anatulutsa kamwala kake m'thumba. Anagogoda pamwala wa pambali. Kho! Kho!

Bambo anayankha. Kho! Kho!

Amalume nawonso anatola mwala. "Inenso ndili pano," iwo anatero. "Koma mileme ikhale komweko!"

Kho! Kho!