Wopempha Patsogolo, Wopatsa Pambuyo

Madzulo amenewo anzake ataweruka, Kaliwiro, mtsikana wolemba mapulogalamu a kompyuta, anatsala yekha mu ofesi. Dzinali anamupatsa ndi Madala, amene anamuphunzitsa ntchito, chifukwa sankadikira kuti munthu amalize kulankhula. Ankasamutsa pulogalamu ya kampani kuchoka pa sisitimu yakale kupita pa yatsopano. Amene anailemba kalekale anali Madala, koma tsopano mkuluyo anali gone m'chipatala.

Foni inalira. Anali akazi awo a Madala.

"Mwana wanga, aphunzitsi ako akukufunsa. Ubwere lero."

"Ndikangomaliza, mayi. Kwatsala pang'ono."

Sananame dala. Zidutswa zonse za pulogalamu zinali zitatheka. Chotsala chinali linka, kapulogalamu kolumikiza zidutswazo kuti zikhale chinthu chimodzi. Koma linka inkakana: dzina lakutilakuti silikupezeka. Dzinalo linali m'laibulale imene Madala analemba, mtolo wa zidutswa umene pulogalamu imatapamo, ndipo Kaliwiro ankaliona ndi maso ake. Anayesa uku, anayesa uko. Yankho lomwelo.

Kunja kunada. Magalimoto anatha mumsewu. Foni inaliranso. Anaitembenuza osayankha.

Chakum'bandakucha, mpando wa pa desiki yoyandikana unalira, kwii. Unali wa Madala, wothyoka wilo limodzi, ndipo palibe ankaukhalira. M'chipindamo munamveka fungo la mankhwala opaka m'mawondo. Kaliwiro anasiya kulemba. Sanacheuke. Pagalasi la kompyuta anaona chithunzithunzi cha munthu wa jekete, magalasi ali pamphumi.

"Iwe Kaliwiro, ukuthamangira kuti?"

"Madala... akutulutsani?"

"Werenga mzere wa malaibulale. Mofatsa, osati ngati akukuthamangitsa agalu."

Anawerenga. Mzerewo anaukonza yekha sabata yathayo. Anaupeza wosokonekera, ndiye anasanja malaibulale motsata alifabeti kuti uzioneka bwino.

"Ha! Wakongoletsa," mawu aja anatero, akuseka chapansipansi. "Linka ya sisitimu yakale inali ndi chisoni, inkabwerera m'mbuyo kukafufuza. Iyi sicheuka. Ikadutsa, yadutsa. Wopempha patsogolo, wopatsa pambuyo. Ndinakuuza kangati?"

Anamuuzadi. Tsiku limenelo iye ankangoti eya, eya, maso ali pa foni.

Anasuntha laibulale ya Madala n'kuiika kumapeto, pambuyo pa zonse zimene zimatapamo. Anayesanso. Linka inangokhala chete, ndipo kumeneko ndiko kuvomera kwake.

"Zatheka! Tiyeni ndikuperekezeni, mayi akuda nkhawa..."

Anacheuka. Mpando unkazungulira pang'onopang'ono, wopanda munthu.

Anatsika masitepe chothamanga. Mlonda anali pageti, atafunda chikhoti.

"Abambo, watuluka munthu apa?"

"Pano? Ngakhale mphaka. Geti ndinakhoma kalekale."

Anafika kuchipatala kukucha. Bedi linali loyalula. Akazi awo a Madala anakhala pa benchi mukhonde, chikwama cha zovala pamiyendo, magalasi aja ali m'manja. Sanamukalipire. Bola akanatero.

"Anakudikira, mwana wanga. Foni yachiwiri ija ndimafuna umve mawu awo. Anapita pasanathe nthawi."

Ku ofesi amanong'onezana mpaka lero. Ena amati mtsikanayo anawodzera, n'kukumbukira kutulo zimene anauzidwa kale. Masana iyenso amaganiza choncho. Ena amati Madala sankadziwa kusiya ntchito pakati. Mlonda yekha salankhulapo, koma usiku sakweranso pamwamba paja.

Kaliwiro satsutsana ndi aliyense. Mpando wothyokawo anakana kuti autaye. Mantha anatha kale. Chimene sichitha n'chakuti iye anali ndi miyendo yabwinobwino, chipatala chili pafupi, koma wodwalayo ndi amene anadzuka kudzamuona.