Makalata Amene Lenia Anawerenga

Dailes anaonana koyamba ndi Alfonsi Loweruka lina m'chaka cha 1946, pa damu la mishoni kufupi ndi Madzimoyo.

Dzinja la m'mbuyo mwake mayi wina anathyoka mwendo ataterereka m'matope potunga madzi. Ndiye Akhristu anagwirizana zoyala njira ya miyala kuzungulira damu lonse, Loweruka lililonse, popanda malipiro. Amuna ankakumba ndi kuyala. Akazi ankatuta miyala kuphiri, awiriawiri pa machira a nsungwi.

Dailes anali mlendo, atangobwera kudzakhala ndi azakhali ake. Pa machira anamuphatikiza ndi Lenia, mtsikana wofatsa wa ku Mtenguleni amene ankaphunzira pa mishoni.

Nanga Alfonsi? Iye anali kalaliki wa sitolo ku Foti Jemusoni. Anzake akamatuluka thukuta ndi makasu, iye ankayenda ndi chingwe choyezera, pensulo ili kukhutu. Anadikira mpaka Lenia atapita kukamwa madzi.

"Manja okongola chonchi n'kumanyamula miyala? Dzina lanu ndani, mayi?"

"Dailes."

"A Dailes, pano maso ndi ambiri. Mumatha kuwerenga?"

Apa ndiye panagona nkhani. Dailes sanapondeko m'kalasi chibadwire. Koma akanauza bwanji mnyamata wa pensulo kukhutu zimenezo?

"Kwambiri!" anatero.

"Basi, Loweruka likudzali mukayang'ane pansi pa mwala wafulati uja, patsinde pa m'bawa."

Loweruka litafika, kalata inalipodi. Dailes anaibisa m'mpango mpaka iye ndi Lenia atafika kuphiri, kopanda anthu.

"Mnzanga, undiwerengereko. Koma usauze munthu kuti sinditha, ndingafe ndi manyazi."

Lenia anafunyulula pepalalo, nalipenya nthawi yaitali.

"Wakupatsa ndani?"

"A Alfonsi, aja a pensulo!"

Nkhope ya Lenia inasintha. Dailes anangoti ndi kutopa ndi miyala. Kenaka Lenia anawerenga motsitsa mawu:

"Njiwa yanga Dailes, chikuonere chakudya sichikutsika. Njira iyi ikadzatha, ndidzayenda nawe mpaka kwa amalume ako. Ndine wako mpaka imfa, Alfonsi."

"Mayo ine! Bwereza pa njiwa paja!"

Lenia anabwereza.

"Bwerezanso, mnzanga, kamodzi kokha!"

Lenia anabwerezanso.

Zinapitirira choncho. Njira inkatalika, makalata nawo ankachuluka. "Duwa langa." "Nyenyezi yanga ya m'bandakucha." "Ndikakusiya, dzanja lolemba ili lifote." Dailes ankaloweza mawu onse, ndipo akakumana ndi Alfonsi pa chingwe ankamunong'oneza ena mwa iwo, kuti aoneke wophunzira. Mnyamatayo ankamwetulira, mano mbuu.

Lenia anayamba kuonda. Tsiku lina ali m'njira ndi machira anafunsa, osatembenuka:

"Kodi azakhali ako afufuza za munthu ameneyu?"

"Afufuzenji? Kapena nsanje yakugwira poti iwe palibe wokulembera?"

Lenia anangokonza nsungwi paphewa n'kupitiriza ulendo. Mawu amenewo Dailes anadzawakumbukira pambuyo pake, ndipo ankalakalaka akanawameza.

Njira inatha mvula isanagwe. Lamulungu, mapemphero atatha, mpingo wonse unatsikira ku damu kukaitsegulira. Dailes anavala diresi la azakhali ake, makalata asanu ndi atatu atawamanga m'kansalu pachifuwa. Lero si ndiye tsiku lolonjezedwa lija?

Aphunzitsi a Samson, amene ankatsogolera ntchitoyo, anapemphera, nathokoza onse. Kenaka anatsokomola pang'ono.

"Palinso nkhani yokoma. Ng'ombe za malowolo zinapita kale ku Mtenguleni chaka chatha, ndipo lero tikulengeza koyamba ukwati wa Alfonsi Jere ndi Lenia Zulu!"

Nthungululu zinamveka mpaka tsidya la damu.

Dailes anaima ngati chitsa. Lenia? Lenia wake wa pa machira? Anthu otomerana sayankhulana pagulu, zimenezo ankazidziwa bwino. N'chifukwa chake sanawaonepo awiriwo akupatsana ngakhale moni!

Chimene chinamuwawa kwambiri sichinali Alfonsi ayi. Anali mawu ake omwe aja: "Bwereza pa njiwa paja." Anakakamiza mtsikana kuwerenga mokweza chinyengo cha bwenzi lake lomwe, kawirikawiri, n'kumunenanso kuti ndi wansanje. Akanatha, akanalowa pansi pa miyala imene anatuta yekha.

Anachoka pagulupo mwakachetechete, natsata njira yatsopanoyo mpaka pa m'bawa. Posakhalitsa anamva mapazi kumbuyo. Anali Lenia.

"Bwanji sunandiuze?" Dailes anafunsa, misozi ili chuchuchu. "Unandisiya ndikuvina pamaso pako ngati chitsiru!"

"Ndikanayamba pati, mnzanga?" Lenia anakhala pansi pafupi naye. "Kalata yofanana ndi yoyamba ija ndili nayo m'bokosi mwanga. Njiwa yomweyo, imfa yomweyo. Anangosintha dzina. Ndinachita manyazi, Dailes. Ndinkati mwina asiya Loweruka linalo. Ndipo ng'ombe zake atate anakwatitsira kale achimwene anga. Ndikanabwerera kwathu n'kukanena chiyani?"

"Ndikhululukire, Lenia. Ndinakunena kuti ndiwe wansanje."

"Nsanjeyo inalipo. Sunaname."

Aliyense anayang'ana zala zake zong'ambika ndi miyala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo mkuyu umenewu anaudya awiri.

Kenaka anamuona Alfonsi akubwera, jekete lili paphewa. Atawapeza ali limodzi anadodoma pang'ono, koma pakamwa pa kalaliki sipasowa mawu.

"A Dailes, mwabwera kudzayamikira mnzanu? Mwachita bwino." Anatero akumutsinzinira diso, ngati akuti: sunga chinsinsi, tidzakambirana.

Dailes anaimirira. Chinthu chimene anachibisa miyezi iwiri yathunthu chinali pakamwa pake tsopano, ndipo anaona kuti sichinali cholemera monga ankaganizira. Anamasula kansalu kaja, naika makalata onse m'manja mwa mnyamatayo.

"Tengani katundu wanu, a Alfonsi. Inenso ndinakunamizani. Ine kuwerenga sinditha, ngakhale dzina langa lomwe."

Alfonsi anaseka mokayika. "Nanga mawu aja munkandibwezera...?"

"Makalata anu onse anandiwerengera ndi Lenia. Mokweza. Ena kawiri, ena katatu."

Pensulo inagwa kukhutu n'kugubudukira m'madzi. Alfonsi anayang'ana Lenia, koma maso ake sanapirire, anagwera pansi.

"Lenia, wapamtima wanga, ndimvere kaye..."

"Limenelo lili m'kalata yachisanu," anatero Lenia, akusasa fumbi pa nsalu yake. "Mukauze aphunzitsi kuti Lamulungu likudzali asalengeze kachiwiri. Za ng'ombe ndikagwada ndekha pamaso pa atate."

Anagwira dzanja la Dailes, nayamba kubwerera. Amuna aja anaiyala njirayo motakasuka kuti awiri onyamula mitsuko azitha kuyenda mogundizana mapewa, ndipo atsikanawo anaidzaza yonse. Alfonsi anachita kutsikira m'matope kuti atsikanawo adutse.