Matcheni Ongoonetsa

Wapolisi wa pa rodibuloko ya m'munsi mwa phiri anagogoda pagalasi n'kufunsa matcheni a m'matayala. Nyengo ya chipale chofewa ikafika, galimoto yopanda matcheni sailola kukwera. Ulan anatsika, n'kuyamba kuvundukula zikwama za maswiti ndi nyama ya nkhosa kumbuyo kwa galimoto. Matcheni munalibe.

Meerim, mlongo wake wamng'ono, anakhala pampando wakumbuyo. Matcheniwo anali pansi pa mapazi ake, atawakulunga yekha m'kati mwa mphasa yaubweya imene Amayi anasoka kuti ikhale mphatso.

Ulendowu unali wopita kuseri kwa phiri, kukaveka ndolo mtsikana wina dzina lake Nazgul, kuti onse adziwe kuti watomeredwa ndi Ulan. Koma Meerim ankakhulupirira kuti akudziwa chinsinsi. Kangapo konse anaona achimwene ake akunong'onezana pampanda ndi Gulzat, mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, maso akuwala. Kwa iye zinali zoonekeratu kuti Nazgul anasankhidwa ndi Amayi, pamene mtima wa Ulan unali pampanda paja. Anaganiza kuti apolisi akawabweza, achimwene adzapeza mpata wolankhula zakukhosi.

Zimene zinachitika sizinali m'maganizo mwake. Ulan anathamangira kwa bambo wina wogulitsa tiyi m'mbali mwa msewu, n'kubwerako ndi matcheni adzimbiri. Wapolisi atawaona anakweza chitsulo chotchinga msewu. Atangokhota pakona yoyamba, anapeza bambo uja wadutsa njira yachidule, akudikira katundu wake, Ulan n'kumubwezera matcheni aja.

Amayi, amene anali pampando wakutsogolo, anafunsa kuti nanga akubwezeranji. Ulan anawayankha kuti amenewo ndi ongoonetsa, ndi a matayala a lole, sangakwane n'komwe m'matayala awo. Amayi anakalipa, iye n'kuwanyengerera kuti msewu auchotsa chipale m'mawa womwewo, ndiponso kwa apongozi aphera kale nkhosa.

Meerim mutu unaima. Munthu wokakamizidwa amathamangira chonchi ku ukwati wosaufuna? Kapena akubisa chisoni poopa Amayi? Galimoto inkakwera, mitengo inatha, kumanja kunatsala phompho lokhalokha. Chipale chinayamba kugwa, msewu ndi thambo n'kukhala chinthu chimodzi choyera. Anatsegula pakamwa kuti aulule, koma poganiza za Gulzat anatsekanso. Mwina achimwene atopa okha n'kubwerera.

Pakona ina matayala analira osagwira pansi. Mbuyo ya galimoto inayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, mwakachetechete, kulowera kuphompho. Amayi anatchula dzina la Mulungu atagwira chitseko ndi manja onse. Galimoto inakaima pamulu wa chipale m'mphepete mwenimweni.

Meerim anawerama, n'kufunyulula mphasa ija. Matcheni anagwera pansi n'kusokosera.

Ulan anatembenuka, nayang'ana matcheni, nayang'ana mlongo wake. "Iwe, zafika bwanji mmenemo?"

"Ndinabisa ndine, achimwene. Ndimafuna atibweze. Inu mumakonda Gulzat, ndinakuonani pampanda."

"Gulzat?" Ulan anagwira kumutu. Anafuna kukalipa koma kunatuluka kuseka kowawa. Anamufotokozera kuti Gulzat ndi msuweni wa Nazgul, ndipo pampanda paja ankangomva za kuseri kwa phiri, ngati bambo a mtsikanayo afewa mtima. Amayi ndiwo ankakana poyamba, ati n'kutali, mpaka iye anachita kuwagwadira.

"Ndiye kuti amene mumamukonda ndi yemwe tikukamuonayu?"

"Nanga ukuganiza kuti ndingafere paphiri chifukwa cha mtsikana wa Amayi? Mutu wako wadzaza mafilimu."

"Wako wadzaza chiyani?" Amayi anamudula. "Uyu wabisa, iwe wanamiza wapolisi, wakufa ndikanakhala ine. Tsikani nonse."

Kunja mphepo inkacheka ngati lumo. Ulan anayala matcheni kutsogolo kwa matayala, Meerim n'kugwada pachipale kuti awakokere kuseri. Chitsulo chinkamatirira m'zala, misozi ikuuma m'masaya isanagwe. Amayi anatulutsa mutu pawindo atanyamula mphasa ija, yomwe tsopano inali ndi mizere ya dzimbiri pamaluwa ake ofiira. Anamuuza Meerim kuti apongozi akafunsa, adzawafotokozera ndi pakamwa pake.

Meerim anangovomera ndi mutu. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi, osayang'ana achimwene ake, ngati Nazgulyo angadzamukhululukire.

"Kola kaye ngowe iyo, ilimbe," anatero Ulan, akupumira m'manja. "Ukamufunsa wekha tikafika amoyo."

Meerim anakoka ndi mphamvu zake zonse mpaka ngowe inalowa.